Mphuno Yobwereka

Kuno ku Bangula penti sadikira munthu.
Dzuwa likangofika pa phewa
amauma burashi isanakhudze khoma,
choncho Lolemba ndinalawira nkhuku zisanatsike mumtengo.
A Zuze a butchala ankafuna mbuzi pakhoma lawo,
yonenepa, osati ngati zathu za m'chilimwe.
Ndinajambula yonenepa. Anaizungulira, nati,
"Masowo akundiimba mlandu, atembenuze."
Mbuziyo tsopano ikuyang'ana ku Mozambiki.

Lachiwiri, sukulu ya mkaka: a, e, i, o, u,
ndi mvuu imene ana anaitcha nkhumba.
Malipiro theka, theka linalo thonje likagulidwa.
Thonje limeneli ndalidikira m'nyumba zambiri.

Ndikutsuka maburashi m'parafini
anafika Mayi Dominga a ku Makhanga,
matope a padoko adakali ku zidendene.
Anamasula jumbo, m'jumbomo munali jumbo ina,
m'menemo chithunzi chimene madzi osefukira anadya.
Chatsala ndi chipewa, khutu limodzi,
ndi kolala ya malaya a Khirisimasi.
Pakati ponse pali mtambo wofiirira.
"Loweruka tikuvundukula chiliza.
Wamng'onoyu bambo ake sakuwadziwa."

Ndinafunsa za mphuno.
Anakankhira kutsogolo mnyamata, Alufandika.
"Ndi imeneyi, koma muikulitse pang'ono."
Mwanayo anakhala pa chitini cha penti masana onse
kundibwereka mphuno ya bambo ake,
thukuta likudontha pansonga pake.
Maso ndinakawatenga kwa mchimwene wa malemu
amene amasoka maukonde kuseri kwa msika.
Sanafune kundiyang'ana. Ndinawaba chammbali.

Lachinayi zonse zinabwera pamodzi ngati ngongole.
Wakabaza akufuna mawu pa chonyamulira njinga,
mwini bwato akuti dzina la mkazi wake lafufutika,
ndipo mkaziyo wayamba kufunsa mafunso.
Penti wabuluu amene ndinaitanitsa ku Limbe
anatsika minibasi ali wobiriwira.
Kondakitala akuti ndi dzuwa la pa Thabwa.
Ndinadya chimanga chootcha ndili chiimire,
chikukoma parafini.

Kukamwa kunandivuta.
Ndinajambula kumwetulira, mayi aja anapukusa mutu:
"Uyu ndi m'busa. Wanga ankaseka mbali imodzi,
ngati wabisa kanthu m'tsaya."
Ndinafufuta. Ndinayambanso. Ndinafufuta.
Lachisanu usiku magetsi anathima,
mkazi wanga Esinta anandigwirira tochi ya foni
uku akuwodzera, uku akundikumbutsa za lendi.
Udzudzu utatu unamatirira pa chipumi cha malemu,
ndinauchotsa ndi singano umodziumodzi.
Kenaka dzanja linaterereka lokha,
mlomo unakwera kumanzere,
ndipo munthu amene sindinakumanepo naye
anandiyang'ana ngati ndili naye ngongole ya mowa.

Loweruka anabwera kusanache, bwato likuwadikira.
Anaima. Sananene kuti wafanana,
sananene kuti sanafanane.
Anangotenga nsonga ya chitenje
napukuta fumbi pa kolala paja
monga ankachitira, ndikuganiza, popita kutchalitchi.
Alufandika anagwira mphuno yake.
"Takhuta," anatero mayiwo m'Chisena chawo,
nandisiyira ndalama zofewa ndi thukuta
ndi milamba iwiri youma, yokulunga m'nyuzipepala.

Lamulungu ndinapinda manja popemphera,
zikhadabo zili zobiriwira, sopo walephera.
Ndinkati ndigone pansi pa mlambe mpaka Lolemba,
koma potuluka ndinapeza a Zuze pa geti,
chipewa m'manja, nkhope ya maliro.
Akuti makasitomala akufunsa
chifukwa chake mbuzi ikuthawa butchala.